Matabwa a Boti la Sakina

Khadi la chipani linalowa lonse mu mpata wa pakati pa matabwa awiri a boti. Dorica Chavula analikankha pang'ono ndi chala, ndipo linatulukira mkati mwa boti n'kugwera pa utuchi. Anasuzumira kuti alione, kenaka anayang'ananso mpata umene linadutsamo. Masabata atatu apitawo matabwa awiriwo anali atalumana kwakuti ngakhale lezala silikanalowa.

Linali Lachitatu m'mawa, amisiri asanafike. M'shedi ya a Anderson Kamtengeni, kumene ankakhoma maboti a matabwa kufupi ndi Senga Bay, munali maboti asanu ndi limodzi atakhazikidwa pa mitengo, onse opakidwa penti wabuluu. Loweruka chilumba cha Mbenji chinali kutsegulidwa, chitakhala chotseka dzinja lonse, ndipo eni maboti anali kudzawatenga Lachisanu. Limene Dorica anaima pambali pakelo linali lachinayi. Kutsogolo kwake kunali dzina lolembedwa ndi penti woyera: SAKINA.

Dorica ndiye anali kalaliki wogula zinthu pa shediyo. Misomali, phula, thonje lotsekera mipata, penti, matabwa, zonse zinkadutsa pa tebulo lake. Matabwa amenewa anasankha ndi iye. Anatola khadi lake, kenaka anachita chimene anakhala akuchizemba chiyambire Januwale: anawerama n'kugunditsa tsaya pa thabwa la mkati, pamene panalibe penti. Linali lozizira ngati mtsuko wa madzi akumwa.

"Mwayamba kupsompsona maboti, akalaliki? Amuna anu aphunzitsi aja akamva, ukwati watha."

Anali a Elliot, mkulu wa amisiri, atanyamula chitini cha phula.

"A Elliot, mipata iyi munaiona liti?"

"Iti? Ine maso anakalamba."

"Musandiseweretse."

A Elliot anatula chitini chija. "Ndatseka kawiri. Ndikatseka Lolemba, pofika Lachisanu yayasamanso. Thabwa laliwisi likamauma limabwerera, mayi. Silimvera msomali."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndinene kwa yani? Ine ndinakuyang'anani tsiku lija. Inu munati fomu yasankha."

Mawuwo analidi a Dorica.

Fomuyo anaipanga yekha, ndipo ankainyadira. Anabwera ku Salima mu 1976 potsatira mwamuna wake, mphunzitsi amene boma linamusamutsa kuchoka ku Rumphi. Anali ndi setifiketi ya JC ndi kosi ya miyezi itatu ya ukalaliki. Atalowa ntchito anapeza a Anderson akugula katundu kwa aliyense amene wawapatsa moni wabwino: misomali yochita dzimbiri kwa mlamu wawo, penti wosungunula ndi palafini kwa mkulu wa mpingo. Dorica anajambula mizere isanu pa pepala. Mtengo. Kuchuluka kwa katundu amene munthu angathe kubweretsa. Tsiku lobweretsa. Galimoto ndi adiresi. Ubwino wa sampulo. Mzere uliwonse malikisi khumi, ndipo wopambana ndiye wogulidwa, kaya ndi mbale kaya ndi mlendo. Mlamu uja anagwa, mkulu wa mpingo anagwa, misomali inasiya kuchita dzimbiri. A Anderson ankaonetsa pepalalo kwa alendo ngati chithunzi cha ukwati.

Matabwa okha ndiwo anali asanadutsepo pa fomu. Kwa zaka khumi ndi ziwiri shediyo inkagula mlombwa kwa a Jasten Kalumo, mkulu wocheka matabwa m'nkhalango za kumtunda. Iwo ndiwo anamuphunzitsa Dorica za tsaya, tsiku lina akutsitsa katundu pa ngolo. "Louma limafunda, laliwisi limazizira," anatero. "Dzanja limanama chifukwa linazolowera ntchito. Funsani tsaya."

Ndiye mu Disembala kalabu ya asodzi inaitanitsa maboti asanu ndi limodzi kamodzi, ntchito yaikulu imene shediyo inali isanaionepo. Dorica anati nthawi yakwana yoti matabwa nawonso alowe m'mizere. Anabwera anthu awiri.

A Jasten anabwera wapansi, matope mpaka m'mawondo, thabwa la sampulo paphewa. Linali lotuwa, losapala, lokhala ndi zitosi za mbalame.

"Mungabweretse angati?" Dorica anafunsa.

"Ouma alipo a maboti anayi."

"Tikufuna asanu ndi limodzi."

"Enawo ndi a chaka chamawa. Sanaume."

"Mubweretsa liti?"

"Msewu ukaphwa. Ng'ombe sizingakoke ngolo m'matope amenewa."

"Adiresi?"

"Mukafunsa pa chigayo akuuzani. Koma bwerani mudzaone kumene ndimaumitsa, mayi. Mudzaone ndi maso."

Wachiwiri anali Robert Mwadzangati, mwini lole yofiira, amenenso anali tcheyamani wa nthambi ya chipani cha ku tauni. Anabwera ndi kalata yotaipa, ya chidindo ndi nambala ya bokosi la ku positi. Thabwa lake linali lopala bwino, lofiira ngati chiwindi, losalala. Dorica analigunditsa pa tsaya: lofunda. Analigogoda: linalira bwino.

"Angati mungabweretse?"

"Onse amene mukufuna, madamu. Tsiku lililonse."

Robert anapeza malikisi makumi anayi ndi asanu ndi awiri. A Jasten khumi ndi asanu ndi anayi. Yankho lililonse loona limene mkuluyo anapereka linawadyera malikisi, ndipo Dorica analemba ndi dzanja lokongola, n'kulemba mzere wofiira pansi pa wopambana. Pa fomupo panalibe mzere wopita kukaona. Kunali mvula, kunali kutali, ndipo pa kosi paja sanaphunzitse za kupalasa njinga m'matope.

Lole inafika mu Januwale kukugwa mvula. Matabwa anali onyowa, koma Robert anaseka nati, "Ndi mvula iyi, madamu, nanenso ndanyowa, koma mkati ndine wouma." A Elliot anadula nsonga ya thabwa limodzi. Utuchi sunaulukire pansi ngati ufa. Unakanirira ku mano a sowo, woumbika ngati gaga wonyowa. A Elliot anaufinya m'manja, nayang'ana Dorica. Dorica anauona. Anaonanso a Anderson ataima pakhomo la ofesi, akumwetulira ndi lole yodzaza, ndipo anakumbukira mmene anawalankhulira molimba kuti zogula mwa chizolowezi zinatha. Tsaya analisiya kutali ndi matabwawo. Anati, "Fomu yasankha," nasaina.

Tsopano unali Epulo, mvula yatha, dzuwa likuwomba pa malata a shedi.

Cha m'ma teni Lachitatu lomwelo kunabwera Sakina, mwini boti lachinayi. Anali mayi wojintcha, wa mpango woyera, wonunkhira utsi wa nkhuni, pakuti ntchito yake inali yowamba nsomba. Zaka zisanu ndi ziwiri anakhala akuwamba kuti agule boti limeneli. Mwamuna wake, Che Twaibu, anakalambira pa maboti a eni ake monga mlovi, wokoka makoka a anthu n'kupatsidwa kagawo madzulo. Loweruka, kwa nthawi yoyamba, anali kupita ku Mbenji pa boti la pakhomo pake, ndi alongo ake a Sakina awiri.

"Akalaliki! Mwana wanga wagona bwanji?" Sakina anamenya mbali ya boti ndi chikhatho. "Taonani chiuno chakecho. Akanakhala mkazi ndikanachita nsanje."

"Wagona bwino," anatero Dorica.

"Che Twaibu sakugona, akungotembenuka. Ndawauza kuti bambo, ngati mukufuna kukagona m'shedi pitani, ine ndipume." Anavundukula mbale imene ananyamula. Munali chambo zinayi zowamba, zonenepa, zonyezimira mafuta. "Izi ndi zanu. Ndinamva kuti matabwa munasankha ndinu, ndi pepala, osati zokondera. Ndinati Alihamudulila, pali mzimayi pamenepo. Amunawa akanagula zibalobalo."

"Musavutike, mayi Sakina."

"Ndavutika kale. Landirani, manja akuwawa. Mbale mubweze, ndi ya apongozi."

Dorica analandira ndi manja awiri, nagwada pang'ono, nathokoza. Akanatha kunena pomwepo, pakuti panalibe wina pafupi. Koma anaperekeza Sakina mpaka pa geti, akuseka nthabwala zake, nabwerera kukaika mbale ija m'kabati pamwamba pa mafomu.

Masana anauza a Anderson kuti mutu ukumupweteka. Anatulutsa thabwa la sampulo la Robert, limene linali pansi pa tebulo chiyambire Disembala, nalimangirira pa kaliyala ya njinga ya mwamuna wake. Anafuna kumva chinthu chimodzi: zitheka bwanji sampulo kuuma, lole yonse n'kukhala yaiwisi?

Anapalasa maola awiri. Msewu unali wouma, fumbi lokhalokha. Pa chigayo anafunsa, ndipo anamuuzadi.

A Jasten anawapeza akunola sowo pansi pa mtengo. Anadzutsa mutu, namuyang'ana, nayang'ananso thabwa la pa kaliyala.

"Mwabwera kudzaona? Mwachedwa miyezi inayi, koma fikani."

Anamutengera kuseri kwa nyumba. Kunali chisakasa chachitali cha udzu, chopanda zipupa. Matabwa anali atasanjikidwa pa miyala, ndipo pakati pa thabwa ndi linzake panali timitengo kuti mphepo izidutsa. Nsonga zonse zinali zomata dothi kuti zisang'aluke. Pa mulu uliwonse panali polembedwa mwezi ndi makala. Mbali imodzi ya chisakasacho inali pululu.

"Apo ndi pamene panali anu," anatero a Jasten. "Anapita ku tchalitchi cha ku Khombedza. Anthu akukhalira pa mapemphero. Mabenchi abwino, sadzamira."

Dorica anamasula sampulo ija. "Bambo, tandiuzani. Ili ndi louma. Amene anabwera pa lole ndi aawisi. Munthu mmodzi yemweyo."

A Jasten sanayang'ane mbali yosalalayo. Anatembenuza thabwalo, napukuta nsonga yake ndi chala chachikulu. Panali timabala titatu ta nkhwangwa, tondondozana. Anasolola thabwa lina pa mulu wawo, nachotsa dothi ku nsonga. Timabala titatu.

"Ili ndinacheka ine, Julaye wa chaka cha dzana. Robert anadzagula limodzi lokha Khirisimasi isanafike. Ankati akufuna shelefu ya wailesi."

Dorica anakhala pa mwala. Thabwa limene analipatsa malikisi khumi, ndi limene analipatsa anayi, onse anachokera pansi pa udzu womwewu.

"Munalizindikira tsiku lija mu ofesi?"

"Mwana wanga ndingamuiwale chifukwa wameta?"

"Bwanji simunanene?"

"Munthu wavala baji pachifuwa, panja pali ayufi awiri a chipani a malaya ofiira atakhala pa lole yake, ine ndiyambe kumutchula wabodza? Ndili ndi adzukulu, mayi." Anabwezera thabwa lawo pa mulu. "Komanso inu munandifunsa mafunso asanu. Ndinayankha asanu. Koma ndikufunseni limodzi langa. Munthu akakuuzani mu Januwale kuti ali ndi mlombwa wouma wochuluka mmene mungafunire, inu simunadabwe? Anauumitsa m'thumba la jekete?"

"Ndinadabwa lole itafika."

"Ndiye?"

"Ndinasaina."

A Jasten anagwedeza mutu, osati mokwiya, koma ngati munthu amene wamva za matenda odziwika. Dorica akanakonda akanamukalipira.

"Ouma atsala angati?" anafunsa.

"Khumi ndi asanu ndi atatu. A m'mbali a maboti awiri, mukasamala podula. Enawa Seputembala."

"Sangafulumire?"

"Afunseni matabwawo."

Lachinayi m'mawa Dorica analowa mu ofesi ya a Anderson, naitana a Elliot kuti abwere adzamve. Anafotokoza zonse ataimirira: utuchi, siginecha, khadi, timabala titatu. A Anderson anali munthu wofatsa, wa mimba yaikulu ndi mtima wa mantha. Anamvetsera akupukuta magalasi awo mpaka Dorica anatsiriza.

"Thabwa likalowa m'madzi limafufuma," anatero. "Si choncho, a Elliot? Mipata idzatsekeka yokha."

"A pansi adzafufuma, abwana. A pamwamba amakhala pa dzuwa. Boti likakhala lopanda kanthu, madzi safikako. Koma muikemo khoka lonyowa, anthu asanu ndi atatu, utaka wodzaza, kenaka mphepo ya mwera iyambe mwezi wamawa..." A Elliot anatambasula manja.

"Adzakapa madzi. Boti lililonse amakapa."

"Kukapa kulipo kuwiri, abwana."

A Anderson anavala magalasi, nawavulanso. "Mayi Chavula, tandiuzani chochita, poti inu ndi ophunzira. Ndikawakaniza maboti mawa, anthu aja andidya wamoyo. Ndikatchula dzina la Robert, Lolemba ndili ku polisi kufotokoza chifukwa chake ndikunyoza chipani. Inuyo ndi a kumpoto, amuna anu ndi a boma. Mukuganiza kuti ayambira pa yani?"

"Sindikuti mutchule munthu."

"Ndiye khalani chete. Mwakhala chete miyezi itatu, tsiku limodzi likuvutani chiyani?" Anatembenukira kwa a Elliot. "Thirani phula. Pakani penti wina pamwamba."

Mawu a miyezi itatu aja anamutsatira Dorica tsiku lonse, chifukwa anali oona. Anakhala pa tebulo lake akumva fungo la phula lotentha likulimbana ndi fungo la chambo za m'kabati. Ankadziuza kuti mwina a Anderson akunena zoona, kuti mwina mwera uchedwa chaka chino, kuti asodzi amadziwa nyanja kuposa kalaliki. Kenaka anakumbukira kuti ku Mbenji mkazi saponda. Maboti akangonyamuka, iye sakanatha kuwatsatira ngakhale atafuna. Iye ndi Sakina akanangokhala kumtunda kuno, wina akudziwa, wina osadziwa.

Lachisanu gombe linadzaza kusanatenthe. Eni maboti anabwera ndi alovi awo, akazi ndi ana. Anakankha maboti pa mitengo yozungulira, akuimba, mpaka onse asanu ndi limodzi anayandama. Anali okongola. Penti watsopano ankawala, ndipo mkati munali mouma gwa. Sakina analulutira mpaka mpango unagwa. Che Twaibu, bambo woonda wa ndevu za imvi, analowa m'madzi mpaka m'chiuno, akusisita dzina la mkazi wake pa botilo ngati sakukhulupirira. A Anderson ankagwirana chanza ndi aliyense.

Dorica anali ndi mapepala oti eni maboti asaine kuti alandira katundu wabwino. Sakina ndiye anafika poyamba, atatambasula chala chachikulu.

"Inki ili kuti, akalaliki? Ndidinde ndizipita."

Dorica anayang'ana chala chija, chakuda ndi utsi, chong'aluka ndi mchere. Anapinda mapepala, nawaika m'khwapa.

"Musadinde, mayi Sakina. Botili si labwino."

Ananena motsitsa, koma amene anali pafupi anamva, ndipo phokoso linayamba kuzima kuchokera pamenepo.

"Mwati chiyani?"

"Matabwa ake ndi aawisi. Onse asanu ndi limodzi. Akuuma tsopano, ndipo akusiya mipata. Phula ndi penti zangobisa."

"Mayi Chavula sakupeza bwino kuyambira dzana," a Anderson anafuula akuseka. "Taonani nokha, anthuni. Muli madzi m'menemo?"

Anthu anayang'ana. Munalibe dontho. Mlovi wina anati, "Mkazi wa ku mapiri adziwa chiyani za boti?" ndipo ena anaseka. Wina anati mwina wakangana ndi abwana ake, akufuna kuwaipitsira.

"Lili lopanda kanthu," anatero Dorica. "Ikanimo katundu wa ku Mbenji. Matumba a mchenga m'malo mwa khoka ndi nsomba, ndi anthu asanu ndi atatu. Mukapeza mouma, ndidinditsa aliyense, ndipo mundithire mchenga m'maso."

Sakina sanaseke. Anamuyang'ana Dorica nthawi yaitali, monga amayang'anira nsomba imene wogulitsa akulumbira kuti ndi ya lero.

"Tengani matumba," anauza alongo ake. Che Twaibu anayamba kukwera, koma mkazi wake anawagwira malaya. "Inu ayi. Akwere amene anasankha matabwa."

"Sindidziwa kusambira," anatero Dorica.

"Ndiye mukhala tcheru."

A Elliot anamanga chingwe chachitali kutsogolo kwa boti, napatsa anthu a pagombe kuti agwire. Matumba khumi ndi awiri a mchenga analowa. Alovi asanu ndi awiri anakwera, akuseka, ndipo awiri anamunyamula Dorica ngati thumba lakhumi ndi chitatu n'kumukhazika pakati. Anavula nsapato zake za ku ofesi, naziika pamiyendo. Anakankhira boti pakuya, pamene munthu wamtali madzi akanamulekeza m'khosi.

Boti linatsika. Mzere wa madzi unakwera thabwa limodzi, kenaka lachiwiri. Kwa kanthawi sipanachitike kanthu, ndipo Dorica anadzipeza akupempha zinthu ziwiri zotsutsana nthawi imodzi.

"Ligwedezeni!" a Elliot anafuula ali pagombe. "Ku Mbenji kulibe madzi ogona chonchi!"

Alovi anayamba kupendamira uku ndi uku, akuimba nyimbo yokokera khoka. Ulendo wachitatu phula linatumphuka pafupi ndi bondo la Dorica, ndipo madzi analowa mowongoka, kamzere kopyapyala ngati mkaka wa ng'ombe pokama. Kenaka kena kumbuyo. Kenaka mpata wonse umene khadi linadutsamo unatseguka, utali wa mkono, madzi n'kumakhuthukira mkati ngati akuthira ndi beseni. Nyimbo inatha. Mlovi amene ananena za mkazi wa ku mapiri anayamba kukapa ndi chipewa chake. Madzi anamiza mapazi a Dorica, nakwera m'akakolo, nanyowetsa chitenje. Anali ozizira, kuzizira komwe kuja kwa pa tsaya. Sanakuwe. Anagwira nsapato zake zolimba, maso ali pa Che Twaibu, amene anaima m'madzi manja ali pamutu.

"Kokani!" anatero Sakina.

Pofika pa mchenga madzi anali m'mawondo. Panalibe mwera tsiku limenelo, ngakhale kamphepo.

Phokoso limene linatsatira linamveka mpaka ku msewu. Eni maboti anazungulira a Anderson. Wina anafuula kuti, "Anakugulitsani matabwa amenewa ndani? Tchulani dzina!" Nkhope ya a Anderson inali thukuta lokhalokha.

"Ndinasankha ndine," anatero Dorica, akutsika m'boti chitenje chikudontha. "Ndinasainanso ndine. A Anderson anakhulupirira pepala langa."

Anamutukwana m'Chichewa ndi m'Chiyao. Mayi wina anamuponyera mchenga. Iye anaima pomwepo mpaka anatopa, chifukwa panalibe mawu amene ananena amene iye anali asanadziuze kale. Masana a Anderson anamuitanitsa makiyi a kabati, osamuyang'ana kumaso. Dorica anatulutsamo mbale ya Sakina yokha. Mafomu anawasiya.

Loweruka Mbenji inatsegulidwa, ndipo maboti asanu ndi limodzi abuluu anali m'shedi. Ngolo ya a Jasten inabwera sabata yotsatira ndi matabwa khumi ndi asanu ndi atatu. Kalabu inagamula kuti atsate ndondomeko ya mayina: akonze boti loyamba ndi lachiwiri. Lachinayi lidikire Seputembala, utaka wabwino utapita. Che Twaibu anakapempha malo pa boti la munthu wina, mnyamata amene anamuona akubadwa, napita kukakoka khoka la eni ake monga chaka chilichonse. Robert ankadutsabe pa msewu ndi lole yake yofiira, akuimba hutala.

Dorica anadikira mpaka Lachiwiri kuti abweze mbale. Anamupeza Sakina pa ng'anjo zake, akutembenuza nsomba pa waya, maso ofiira ndi utsi.

"Odi, mayi Sakina."

"Ikani pamenepo."

Dorica anaika mbale pa mwala. Sakina anaivundukula ndi chala cha phazi. Chambo zinayi zija zinali momwemo.

"Zinakuipirani?"

"Sindinathe kudya."

Sakina anatembenuza nsomba zina zitatu asanalankhulenso. "A Elliot akuti mukanakhala chete, bwenzi pofika Juni ndili wamasiye. Akuti ndikuthokozeni." Anapukuta manja pa chitenje. "Ine ndili ndi funso limodzi. Munadziwa liti?"

Dorica akanatha kunena kuti Lachitatu lija. Linali ndi mbali yake yoona, ndipo palibe akanamutsutsa kupatula a Elliot, a Jasten ndi a Anderson, amene sakanatero.

"Januwale. Tsiku limene matabwa anafika."

"Januwale." Sakina anawerenga pa zala, pang'onopang'ono. "Mu Januwale nthawi inalipo yobweza lole. Mu Febuluwale nthawi inalipo. Ndikubwera ku shedi kuja sabata ndi sabata, kumasisita boti ngati wamisala, inu mukundiyang'ana pa windo."

"Inde."

"Mukanati Lachitatu, ndikanakukhululukirani lero lomwe, walahi."

"Ndikudziwa."

"Ndiye mudikira Seputembala ngati ine. Tidzaona nthawi imeneyo."

Anatola mbale ija, nauza Dorica kuti atambasule nsonga ya chitenje. Anakhuthuliramo chambo zinayi zija, nasunga mbale ya apongozi ake.

"Izi mudye. Tsiku limenelo ndinakupatsani ndi mtima wabwino, ndipo sindilanda. Kuzitaya ndiye mukhala mwandilakwira kawiri."

Anabwerera ku ng'anjo zake. Dorica anamanga mfundo pa chitenje, nayenda wapansi mpaka kunyumba za aphunzitsi. Anakhala pa khonde, namasula mfundo ija. Nsombazo zinali zitauma, zolimba, mchere utatuluka pamwamba. Anayamba ndi yaikulu, kuchokera kumutu, ndipo anatafuna pang'onopang'ono mpaka zinatha zonse zinayi.